Masamba akufota msanga kuno kunyanja, nditani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene angosamukira cha ku Malindi kuchokera ku Dedza. Akuti msika waukulu uli kutali, amapitako kamodzi pa sabata, filiji alibe, ndipo repu ndi mpiru amene agula Loweruka, pofika Lolemba amakhala atachita chikasu. Afunsa kuti atani poti ana atopa ndi usipa wa tsiku ndi tsiku.

Achemwali, palibe chimene mukulakwitsa. Ku Dedza kuzizira kunkakusungirani masamba. Kuno ku Mangochi, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, tsamba lothyoledwa m'mawa limagona madzulo omwewo.

Mdani woyamba ndi jumbo. Mukamangira masamba m'jumbo n'kukwera kabaza dzuwa likuswa mtengo, mumafika nawo kunyumba atayamba kale kupsa ndi thukuta lawo lomwe. Pitani ndi dengu, mulawirire, ndipo pamwamba muphimbe ndi chitenje chonyowa. Mukafika masulani mitolo, chotsani masamba ophwanyika, koma musatsuke mpaka nthawi yophika. Ine ndimawaika mumphika wadothi, n'kuvundikira ndi chiguduli chonyowa pakhonde podutsa mphepo. Chigudulicho chikauma ndimawazanso madzi.

Pogula muziganiza za chimene chiyambe kufa. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani n'za tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mpiru ndi repu angapirire masiku awiri. Kabichi, mabiringano ndi therere lobala muzisiyire kumapeto kwa sabata. Tomato sankhani mulu wosapsetsa, azipsera kunyumba mmodzimmodzi. Wofiira kwambiri uja, ngakhale akuikireni basela wochuluka, ndi wa lero basi.

Koma chimene ndikufunitsitsa mutaphunzira ndi kufutsa. Zimandipweteka mtima kuti ambiri ayamba kuuona mfutso ngati ndiwo ya osauka, chonsecho dzuwa lomwe likukuonongerani masambali ndi limene lingakusungireni. Nthawi ya dzinja, nkhwani, chitambe ndi khwanya zikamatayika m'minda, gulani zambiri. Sadzulani nkhwani, dulani, muviike m'madzi owira kwa kanthawi kochepa chabe, asafike pofewa. Tsanulani, yanikani mopyapyala pa lichero kapena pamphasa yoyera, pamwamba posafika nkhuku ndi mbuzi. Pamthunzi podutsa mphepo m'pabwino koposa, chifukwa dzuwa lamphamvu limachotsa mtundu ndi zina mwa zofunika m'thupi. Akauma mpaka kumathetheka m'manja, sungani pouma. Agogo anga ankakulunga m'chikwatu n'kupachika kudenga la khitchini. Ine ndimaika m'ndowa yotseka bwino. Mu Okutobala, mtolo wa repu utakwera mtengo, mumangotapa dzanja limodzi, kuviika, kuphika ndi tomato, n'kutendera nsinjiro. Fungo lake lokha ana amabwera okha kukhitchini.

Soda kapena chidulo musachulutse. Zimafewetsadi msanga, koma zimapha mavitamini ena m'masamba.

China, yang'anani zimene anansi anu akudya. Kuno chinangwa chilipo, ndiye chigwada sichisowa. Chokhacho, chisinjeni bwino mumtondo ndipo chiwire nthawi yaitali, chifukwa masamba a chinangwa osapsa ali ndi poizoni. Funsaninso amayi a m'mudzimo amene ali ndi dimba pafupi. Ambiri amagulitsa pakhomo osadikira tsiku la msika, ndipo amakuthyolerani inu mukuona.

Pomaliza, pemphani mbewu ya mbatata pang'ono mubzale kumene kumathera madzi otsukira mbale, bola asakhale a sopo wambiri. Tchingirani ndi minga chifukwa mbuzi za kuno sizisiya chobiriwira. Pakatha milungu ingapo mudzayamba kuthyola kholowa. Mufotetse pang'ono padzuwa musanaphike, muike tomato ndi anyezi, pambali usipa uja wootcha.