Paipi yachitsulo yabooka pafupi ndi njanji: kodi ndi magetsi?

Bambo wina wa kwathu amene amakonza mapaipi a madzi ku Gauteng, ku South Africa, wanditumizira imelo. Akuti paipi yachitsulo yokutidwa bwino, imene sinakhalitse m'nthaka, yayamba kudontha. Atakumba anapeza timabowo tozungulira, koma chitsulo cha m'mbali chili bwinobwino. Paipiyo imatsata njanji, ndipo pamwamba pake pamadutsa nthambo zikuluzikulu za magetsi. Akufunsa ngati anagulitsidwa chitsulo chachabechabe, kapena ngati magetsiwo ali ndi mlandu.

Bambo, musathamangire kwa ogulitsa. Dzimbiri la chinyontho limadya paliponse pang'onopang'ono. Timabowo takuya pa chitsulo chabwino timaloza magetsi osochera.

Yambani mwakayikira njanjiyo. Sitima zamagetsi za ku Gauteng zambiri zimayendera ma volt 3,000 a DC, magetsi oyenda mbali imodzi. Amafika pa sitima kudzera pa waya wam'mwamba, n'kubwerera ku siteshoni ya magetsi imene anachokera kudzera m'njanji. Koma njanji imagona pansi, choncho ena amathawira m'dothi, akapeza paipi yanu n'kuyenda nayo, chifukwa chitsulo ndi njira yofewa kuposa dothi. Pamene akulowa, paipi sivulala. Vuto lili pamene akutuluka kuti abwerere kwawo, pakuti amachoka ndi chitsulo. Malamulo amene Michael Faraday anapeza m'zaka za m'ma 1830 amatipatsa chiwerengero: ampere imodzi ya DC ikamatuluka pa paipi chaka chathunthu imasungunula makilogalamu pafupifupi 9 a chitsulo. Taganizani kuti kudya konseko kukuchitikira pamalo osaposa chikhadabo.

N'chifukwa chake akatswiri amasamala ndi nthambo za DC zonga ya Cahora Bassa, yochoka ku Songo m'chigawo cha Tete ku Mozambique kukafika ku Apollo pafupi ndi Johannesburg. Ndi yotalika makilomita oposa 1,400 ndipo imanyamula ma volt 533,000. Nthamboyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo imodzi ikaima, magetsi angathe kubwerera kudzera m'nthaka, ndipo pamenepo tikunena za ma ampere ofika 1,800.

Nthambo zimene zili pamwamba panu mwina ndi za AC, magetsi opita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Izi zimatha kuwononga paipi ngakhale osaikhudza. Paipi ikayenda motsatana nazo mtunda wautali, mphamvu ya maginito yozungulira nthambozo imadzutsa magetsi m'chitsulomo. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati AC siwononga kwenikweni, popeza magetsi amatuluka n'kulowanso. Maganizowo anagwedezeka mu 1986 ku Germany, pamene paipi ya gasi yokutidwa ndi pulasitiki, yotetezedwa mwa malamulo onse, inabooka pafupi ndi njanji ya AC.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa anthu ambiri amataya ndalama pamenepa. Chokutira chabwino sichithetsa vutoli, nthawi zina chimalikulitsa. Paipi yakale ya phula long'ambikang'ambika imataya magetsi paliponse, ndiye malo aliwonse amadyedwa pang'ono. Yatsopano imawatsekera mkati, ndipo onse amakanikizana pa kabala kamodzi kamene mwala kapena fosholo inasiya tsiku lokwirira. Madzi a mu payipi ya m'dimba amathamanga kwambiri mukatsina kukamwa kwake, ndi chimodzimodzi. Akatswiri amayamba kuda nkhawa AC ikapitirira ma ampere 30 pa sikweya mita. Pa kabala ka sikweya sentimita imodzi, amenewo ndi ma milliampere atatu basi.

Choncho musangowotcherera chigamba n'kukwirira. Pemphani abwana anu aitane katswiri wa cathodic protection (njira yotetezera paipi ku dzimbiri pogwiritsa ntchito magetsi) adzayeze mphamvu ya pakati pa paipi ndi dothi, DC ndi AC yomwe. Paipi yotetezedwa imayenera kuonetsa ma millivolt 850 a negative kapena kupitirira, poyeza ndi kachipangizo ka copper sulphate. Kuyeza kwa mphindi zisanu ine sindikukhulupirira. Makina olemba okha akhalepo usana ndi usiku, chifukwa manambala akamadumpha nthawi ya sitima zam'mawa n'kudekha pakati pa usiku, mwadziwa kuti ndi njanji.

Mankhwala ake alipo. Pa DC amalumikiza paipi ku njanji ndi waya wokhala ndi diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), kuti magetsi abwerere pa waya osati m'dothi, koma izi zimachitika mogwirizana ndi eni njanji. Pa AC amakwirira chingwe cha zinki motsatana ndi paipi kuti magetsi atsikire pamenepo. Amaikanso mfundo zosadutsa magetsi zodula paipi m'zigawo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi manja anu, bambo. Paipi ya pansi pa nthambo zimenezo imatha kugwira munthu. Ikaonetsa ma volt a AC oposa 15, inu ndi anzanu musaigwire, musaidule, musamasule mabawuti ake mpaka italumikizidwa kaye ku nthaka.