Lembetsani kamera yanu musanakwere ndege pa Chileka

Achemwali, mwafunsa ngati a kasitomu adzakulipiritseni msonkho popita ku Johannesburg ndi kamera yanu ya Canon, malenzi awiri ndi laputopu, kukajambula ukwati wa mng'ono wanu. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe muno mu Blantyre, ndipo njira imeneyo ndayendamo kangapo, pa ndege ndi pa basi pomwe. Ambiri amada nkhawa ndi kolowera ku Joni, koma mutu umadzawawa pobwera kwathu konkuno.

Ofisala wa MRA amene adzatsegule chikwama chanu tsiku lobwerera sakukudziwani. Iye akungoona munthu wochokera kumene anthu amakaoda katundu tsiku ndi tsiku, ali ndi kamera yonyezimira. Adziwa bwanji kuti munanyamuka nayo kwanu? Kufunsa ndi ntchito yake, ndipo umboni ukasowa akhoza kuiwerengera ngati katundu watsopano wofunika msonkho.

Ndiye usiku woti mawa ndi ulendo, yalani zida zonse pa tebulo. Tembenuzani kamerayo, kunsi kwake muona nambala ya siriyo. Ya lenzi imakhala ting'onoting'ono, kawirikawiri chakumunsi kufupi ndi pomwe imagwirana ndi kamera, mpaka muyatse tochi ya foni kuti muiwerenge. Lembani dzina la chida chilichonse, mtundu wake ndi nambala yake, osaiwala laputopu ndi fulashi, ndipo mapepalawo akhale awiri. Pa Chileka mufike nthawi ikadalipo. Musanapereke zikwama, pitani kwa a kasitomu, muwaonetse zidazo, muwauze kuti mukutuluka nazo ndipo mubwera nazo, muwapemphe afananize manambala n'kudinda. Akakupatsani fomu yawo, lembani yomweyo. Pepala lodindalo mulijambule pa foni, lenilenilo muliike mkati mwa pasipoti. Malisiti ogulira ngati alipo, atengeninso.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa zinandigwera. Ulendo wanga woyamba ndinabwera wopanda pepala lililonse, ndipo pa chipata china ndinaima pafupifupi maola awiri, kamera ili pa kauntala, anzanga a m'basi akung'ung'udza panja. Chinandiombola ndi lisiti lakale lopindikapindika limene mayi a kunyumba analipeza m'sutikesi n'kunditumizira pa WhatsApp. Thukuta linali kamukamu, poti kamera ija ndiye khasu langa, ana amadyera pomwepo.

Pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni mukapeza njira ziwiri, yobiriwira ya amene alibe chokaonetsa ndi yofiira ya amene ali nacho. Malamulo a SARS, bungwe la misonkho la ku South Africa, amati mlendo akhoza kuuzidwa kusiya ndalama ya chikole pa chida chodula, n'kudzaitenga potuluka nacho. Ine ndi kamera imodzi sizinandichitikirepo, koma mukawonjezera malaiti ndi zina zambiri, lowerani kofiira mukafotokoze nokha. Kuli bwino kutaya mphindi khumi kusiyana ndi kuimitsidwa kobiriwira ngati munthu wozemba. Kalata yoitanira ku ukwatiwo ikhale pafupi.

Za mabatire musazitenge mopepuka. Mabatire apadera a kamera ndi pawa banki saloledwa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, malo ake ndi m'chikwama cha m'manja, chifukwa akapsa ali pafupi ndi anthu moto umazimitsidwa msanga. Osapitirira 100 Wh (muyezo wa mphamvu ya batire) amadutsa popanda kupempha. Kuyambira pamenepo kufika 160 Wh pamafunika chilolezo cha kampani ya ndege, ndipo amalola awiri okha. A kamera ngati yanuyo ndi ang'ono kwambiri, ngakhale pawa banki ya 20,000 mAh ili cha m'ma 74 Wh basi. Pa tizitsulo ta batire lililonse matanipo selotepi kuti tisakhudzane ndi makiyi kapena makobidi. Kamera ndi malenzi nazonso zikhale m'manja mwanu, zikwama za kunsi zimaponyedwa mosasamala.

Mukakumbukenso adaputa. Pulagi yathu ya mano atatu a makona silowa m'masoketi a ku South Africa, awo ndi a mano ozungulira, ndipo n'zowawa kudzazindikira zimenezi batire litatha mawa lake kuli ukwati.

Mukakopeka ndi lenzi yatsopano kumeneko, pemphani tax invoice, lisiti loonetsa msonkho wa VAT, m'sitolomo. Mlendo amabwezeredwa VAT yawo ya 15 peresenti pa OR Tambo ngati zonse wagula zapitirira R250, bola aonetse katunduyo asanamupereke ku ndege. Koma mukafika pa Chileka lenziyo mukaionetse, mulipire zoyenera, ndipo lisiti la msonkholo mulisunge chifukwa ndi lomwe lidzakhale umboni wanu ulendo wina. Ena adzakuuzani kuti tayani bokosi muipachike pa kamera. Ine sindikulangizani zimenezo ayi, popeza nambala yake simo pa pepala lodinda lija, ndipo chinthu chimodzi chobisa chimakayikitsa chikwama chonse. Abale okutumani mafoni atatu anayi a m'mabokosi muwauziretu kuti msonkho wake ndi wawo.

Mukasintha maganizo n'kukwera basi, pepala lomwelo mukadinditse pa Mwanza. Kutsogolo kuli Zobue, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo paliponse akhoza kukufunsani. Chikwama cha kamera chikhale pa miyendo panu ulendo wonse, osati m'buti.

Ukwati ukatha, koperani zithunzi mu laputopu usiku womwewo, memori khadi muichotse m'kamera muiike m'kachikwama ka pasipoti. Ngakhale kamera itatsalira pa kauntala ina kudikira mapepala, zithunzi za mng'ono wanu zifike nanu kunyumba.