Mafunso Anu: Kodi Gilgamesh Angatchedwe Ngwazi Pamene Anabwerera Chimanjamanja?

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale. Pokonzekera phunziro lokhudza Mesopotamia ndinawerenga mwachidule nkhani ya Gilgamesh, mfumu imene inapita kukafuna moyo wosatha mnzake atamwalira, koma n'kubwerera chimanjamanja. Ophunzira anga akufunsa kuti munthu wolephera chotero angatchedwe bwanji ngwazi, ndipo ine ndasowa chowayankha. Tandithandizeni. Ndine mphunzitsi, ku Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, ophunzira anu afunsa bwino, pakuti funso lawolo ndi limene alembi a ku Babylon ankalimbana nalo. Gilgamesh anali mfumu ya Uruk, mzinda umene mabwinja ake masiku ano amatchedwa Warka, kummwera kwa Iraq, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti analidi munthu weniweni amene analamulira cha m'ma 2700 BC. Poyamba kunali ndakatulo zisanu zosiyana za m'chinenero cha ku Sumer. Cha m'ma 1800 BC alembi a ku Babylon analuka nkhanizi kukhala imodzi, ndipo imene tikuidziwa kwambiri, yolembedwa pa mapale 12 adongo, anthu akale ankati anaikonza ndi mlembi wina dzina lake Sin-leqi-unninni. Mapalewo anafukulidwa ku Nineveh, m'nyumba ya mabuku ya mfumu Ashurbanipal, ndipo mu 1872 George Smith wa ku British Museum anawerenga phale la 11, lonena za chigumula chofanana kwambiri ndi cha Nowa.

Kuti muwayankhe bwino anawo, yambirani pa Enkidu. M'ndakatulo za ku Sumer iye nthawi zambiri amaoneka ngati wantchito wa mfumu, koma alembi a ku Babylon anamusandutsa bwenzi la ponda apa nane ndipondepo, ndipo ine ndikuona kuti kusintha kumeneku ndiko kunaipatsa nkhaniyi mtima. Pachiyambi Gilgamesh ndi mfumu yankhanza, yozunza anyamata ndi atsikana a mumzinda mwake, mpaka anthu akulirira kwa milungu. Pamenepo mulungu wamkazi Aruru akuumba Enkidu ndi dongo n'kumusiya kutchire, kumene akudya udzu ndi kumwa madzi pamodzi ndi nyama, kufikira mkazi wotchedwa Shamhat atamuzoloweretsa buledi, mowa ndi zovala. Awiriwa akukumana polimbana pakhomo la nyumba ya ukwati, ndipo ndewu itatha akukhala abwenzi, mpaka Ninsun, mayi wa Gilgamesh, akulandira Enkidu ngati mwana wake.

Ungwazi umene ophunzira anu akuufuna ulimo ndithu m'chigawo choyambachi. Abwenziwa akupita ku nkhalango ya mikungudza kukapha mlonda wake Humbaba, ndipo atabwerako akupha ng'ombe yamphongo yakumwamba imene mulungu wamkazi Ishtar anaitumiza chifukwa Gilgamesh anamukana ukwati. Koma taonani chimene chikumutuma mfumuyo: akuti popeza masiku a munthu ndi owerengeka, ndi bwino kusiya dzina limene silidzaiwalika. Imfa akuitchula mopepuka, monga amachitira mnyamata amene sanaikepo maliro a munthu wapamtima.

Milungu ikugamula kuti mmodzi afe chifukwa cha zimene achitazi, ndipo chilango chikugwera Enkidu. Iye akudwala masiku 12, akudandaula kuti akufera pamphasa m'malo mofera kunkhondo, ndipo akulota nyumba yamdima kumene akufa amadya fumbi ndi dongo, atavala nthenga ngati mbalame, zisoti za mafumu zitaunjikidwa pambali. Atatsirizika, Gilgamesh akuphimba nkhope ya mnzake monga amaphimbira mkwatibwi, akuzungulira mtembowo ngati mkango waukazi wolandidwa ana, ndipo akukana kuti maliro aikidwe kwa masiku 6 ndi usiku 7, kufikira mphutsi itagwa kuchokera m'mphuno mwa womwalirayo. Ndime imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikamaiwerenga, chifukwa mlembi sanabise chilichonse pofuna kulemekeza mfumu. Mphutsiyo ndiyo ikumuuza Gilgamesh kuti nayenso adzagona chomwecho, ngakhale kuti magawo awiri mwa atatu a thupi lake ndi aumulungu.

Kuchokera pamenepo ulendo wake ndi wa munthu wamantha komanso wachisoni. Akuvala chikopa cha mkango, akudutsa mumdima wa phiri la Mashu, ndipo m'mbali mwa nyanja akupeza Siduri, mayi wogulitsa mowa. M'nkhani yakale ya m'ma 1800 BC ija, mayiyu akumuuza kuti milungu polenga anthu inawagawira imfa n'kudzisungira moyo, choncho adye akhute, asambe, avale zoyera, ayang'ane mwana amene wamugwira dzanja ndi kukondweretsa mkazi wake. Gilgamesh sakumva. Akuwoloka madzi a imfa ndi Urshanabi, woyendetsa bwato, mpaka kwa Utnapishtim, amene anapulumuka chigumula n'kupatsidwa moyo wosatha. Mkuluyo akumuyesa kuti akhale maso masiku 6 ndi usiku 7, koma tulo tikumugwira atangokhala pansi, ndipo mkazi wa Utnapishtim akuphika buledi tsiku lililonse n'kumuika pambali pake, kuti akadzuka asakane kuti anagona. Pomaliza Utnapishtim akumuuza za chomera cha pansi pa nyanja chobwezera unyamata. Gilgamesh akumangirira miyala kumapazi, akumira n'kuchizula, koma ali m'njira akusamba padziwe, njoka ikuchitenga n'kufundula khungu lake pochoka. Mfumuyo ikukhala pansi n'kulira.

Ndiye ophunzira anu akunena zoona kuti analephera, ndipo musawatsutse pa mfundo imeneyo. Chimene mungawaonetse n'chakuti alembiwo ankadziwa zimenezi, komabe anayamba nkhani yawo pomutamanda monga munthu amene anaona zakuya, amene anabweretsa mbiri ya nthawi chigumula chisanachitike, amene anabwerera ali wotopa n'kulemba mavuto ake onse pamwala. Nkhani yakale ija inkayamba pomutama kuti anaposa mafumu onse, pamene yapambuyoyi ikumutama chifukwa cha zimene anadziwa. Kwa ine kusuntha kumeneku kukusonyeza kuti anthu a ku Babylon anafika poona kuti kupha Humbaba kunali kopepuka poyerekeza ndi kubwerera kwawo atadziwa kuti Enkidu sadzauka ndiponso kuti iye mwini adzafa.

Afunseni anawo kuti aone chimene Gilgamesh akuchita atafika ku Uruk kumapeto kwa phale la 11. Akuuza Urshanabi kuti akwere pa linga la mzindawo, ayendepo, aone maziko ake ndi njerwa zake zowotcha, kenako akumuwerengera magawo a mzindawo: nyumba za anthu, minda ya kanjedza, malo okumba dongo ndi kachisi wa Ishtar. Mawu amenewa ndi omwewo amene mlembi anatsegulira nkhaniyi pa phale loyamba, koma tsopano akutuluka m'kamwa mwa mfumu imene kale inkazunza anthu okhala mkati mwa lingalo.