Microbiology ya pa intaneti ndi labu: ndikonzekere bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina, namwino, amene akufuna kuonjezera sukulu. Akuti mwezi wamawa akuyamba kosi ya microbiology, malekichala onse ndi a pa intaneti koma ku labu azidzapita masiku ena ku koleji. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Biology ndinasiyana nayo kalekale, mayina achilatini aja akundiopsa, kodi ndiyambiretu kuloweza panopa? Nanga ndigule buku lanji?"

Achemwali, musayambe ndi kuloweza. Ndikudziwa kuti mtima ukukuuzani kuti mutenge kope mulembe Staphylococcus aureus, Escherichia coli, Klebsiella ndi anzawo onse mpaka kope lidzadze, ine ndinapanga zomwezo ndipo pofika sabata yachitatu zonse zinali zitasokonekera m'mutu ngati nyemba zosakaniza ndi nandolo. Mayinawa amabwera okha mukayamba kuwaona pa mayikulosikopu, komanso ambiri amadzifotokoza okha. Coccus ndiye kuti kozungulira, bacillus ndi kotalika ngati kamtengo, staphylo ndi kuunjikana ngati phava la mphesa, strepto ndi kundandalika ngati mikanda pa ulusi. Vibrio ndi kopindika ngati chizindikiro cha comma (,), ndiye Vibrio cholerae uja wa kolera amene anativutitsa kuno mu 2022 ndi 2023 mukadzamuona simudzamuiwala. Kalembedwe kake kokha mugwire: dzina loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono, ndipo polemba pamanja mumadula mzere pansi. Aphunzitsi ena amadula malikisi pa kanthu kameneka.

Chimene ndikufuna muchimvetse musanayambe ndi chimodzi, khoma la bakiteriya. Mukamvetsa khomali theka la kosi layenda kale. Mabakiteriya ena ali ndi khoma lochindikala la peptidoglycan (chinthu cholimba chimene chimamanga khomalo), ena ali ndi lopyapyala koma kunja kwake kuli kachikopa kena. Basi, Gram stain yonse, njira yopaka mabakiteriya utoto kuti muwasiyanitse pa mayikulosikopu, yagona pamenepo. Njirayi anaiyambitsa Hans Christian Gram, dokotala wa ku Denmark, mu 1884, ndipo mpaka lero malabu ambiri a zipatala amaigwiritsabe ntchito. Mumathira utoto wa crystal violet, kenako iodine amene amamangirira utotowo mkati, kenako alcohol, pomaliza utoto wina wa safranin. Wa khoma lochindikala alcohol amalephera kumutsuka ndiye amatsala wa pepo, ameneyo ndi Gram positive. Wa khoma lopyapyala amatsukika n'kutenga mtundu wa safranin, amaoneka wa pinki, Gram negative. Ndiye mukafika pa mankhwala n'kumva kuti penicillin amasokoneza kamangidwe ka peptidoglycan simudabwanso, zimangolumikizana zokha. Chimodzimodzi TB, kachilombo kamene Robert Koch anakalengeza mu 1882, khoma lake lili ndi mafuta ngati phula moti Gram sagwira bwino, n'chifukwa chake makhololo amawapaka utoto mwa njira ina yotchedwa Ziehl-Neelsen. Inu ngati namwino mwatumizapo makhololo ku labu kambirimbiri, pano muziona zimene zimachitika mukangosiya kabotolo kaja pa windo.

Tsopano mbali ya pa intaneti. Iyi ndi imene imapusitsa anthu ogwira ntchito, chifukwa lekichala yojambulidwa sikuthawa, ndiye umati ndionera mawa, mawa uli pa night, mkuja watopa, ukadzatsegula Moodle, tsamba la maphunziro la pa intaneti, upeza mavidiyo asanu ndi atatu akukudikira ndipo kwizi yatseka dzulo usiku. Tsiku loyamba lomwelo tsegulani course outline mulembe madeti onse a makwizi pa pepala, mulimate pakhoma, osadalira foni yokha. Mavidiyo ndi ma PDF muzidawunilodiratu netiweki ikakhala bwino, bandulo ya usiku imathandiza, chifukwa magetsi amadziwa kuthima nthawi imene munthu wakhala pansi kuti awerenge. Ndipo kwizi ya nthawi osaiyamba batire ili pa 15%, ndanena.

Za buku musathamangire kugula. Dikirani aphunzitsi anene limene akugwiritsa ntchito, pakadali pano pali Microbiology ya OpenStax, ndi yaulere, mutha kuidawuniloda yonse. Werengani machaputala oyambirira okha, a selo, a mayikulosikopu ndi a kakulidwe ka mabakiteriya. Chaputala cha metabolism chimene chili ndi glycolysis ndi Krebs cycle ndi chimene chimaliza anthu, ngati chemistry munaiiwala bwerezani pang'ono za pH, ma enzyme ndi ATP, osalowa mwakuya.

Masamu aliponso pang'ono, ndipo anthu ambiri amadzidzimuka nawo. Serial dilution, kusungunula mobwerezabwereza kuti mabakiteriya achepe mpaka awerengeke. Mumatenga 1 ml kuthira mu 9 ml, mwasungunula kakhumi, mumatenganso 1 ml pamenepo kuthira mu chubu china, choncho choncho. Tinene kuti mwafika pa chubu chachisanu, mwatenga 0.1 ml kupaka pa mbale ya Petri yomeretsera mabakiteriya, mawa lake mwawerenga makoloni (timagulu ta mabakiteriya tooneka ndi maso) 64. Ndiye kuti 64 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsanso ndi 100,000, mupeza mabakiteriya 64,000,000 mu 1 ml ya poyamba paja. Mbale yowerengeka ndi ya makoloni pakati pa 30 ndi 300. Yesererani masamu amenewa kunyumba katatu kanayi, akubwera pa mayeso ndithu.

Koma nkhani yeniyeni ili ku labu, makamaka inu amene muzipitako masiku owerengeka. Amene amaphunzira pa kampasi akalakwitsa lero amabwereza sabata yamawa, inu mwina practical imodzi ndi yomweyo basi. Ndiye lamulo langa ndi lakuti musalowe mu labu kukawerengera komweko lab manual. Usiku wake werengani, lembani masitepe pa kapepala ndi mawu anuanu, onerani kavidiyo ka streak plate (kamwazidwe ka mabakiteriya pa mbale) pa YouTube, mpaka muthe kutseka maso n'kuyenda nazo m'mutu. Ma virtual lab aja a pa kompyuta ndi abwino pokuonetsani ndondomeko koma mausi sapsa, sagwetsa chubu, sanjenjemera.

Ndikuuzeni zanga. Gram stain yanga yoyamba anatipatsa Staphylococcus, aliyense akudziwa kuti ndi wa pepo. Ine pothira alcohol ndinatembenuka kuyankha mnzanga amene amafunsa kuti iodine ali kuti, mwina masekondi 40 anadutsa pamene zimafunika masekondi ochepa chabe, mpaka madzi otsika pa slide asiye kutuluka utoto. Kuyang'ana pa mayikulosikopu, timipira tonse ta pinki, tokongola bwino, ndipo ndinalemba mu lipoti molimba mtima kuti Gram negative cocci. Technician wa pa labupo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anangosuzumira kamodzi n'kunena kuti "mwachapa kwambiri, pangani ina." Tsiku lomwelo ndinaotcha loop, kawaya kotapira mabakiteriya, mpaka kufiira n'kuigwetsa pa koloni isanazizire, ndinangomva tsss, agar (chakudya cha mabakiteriya cha pa mbale) kusungunuka, tizilombo tonse kupsa. Loop imafuna muidikire masekondi 10 kapena 15, ndipo osaiuzira ndi pakamwa ngati phala, mukuthirapo majeremusi anu.

Tinthu tina timene palibe amakuuza mpaka utalakwitsa. Mbale ya Petri mumalemba dzina ndi deti pansi pake, mbali imene ili ndi agar, osati pa chivindikiro chifukwa zivindikiro zimasinthana. Mu incubator, pa 37°C, mbale imagona chozondoka kuti nthunzi isadonthere pa makoloni n'kuwasakaniza. Pa mayikulosikopu yambani ndi 10x, mupeze chinthu, kenako 40x, mafuta a immersion ndi a 100x yokha basi, mukabwerera ku 40x slide ili ndi mafuta mwaipitsa lens ndipo technician sakusekererani. Mukafika pa 100x gwiritsani fine focus yokha, coarse imaswa slide. Smear, zimene mwapaka pa slide, ikhale yopyapyala, iume yokha kaye musanaidutsitse pa moto, ambiri timaunjika ngati tikupaka chiponde pa buledi kenako osaona kanthu.

Zovala: lab coat ya manja aatali imene izikhala ya ku labu kokha, osati yunifomu ya ku wodi, nsapato zotseka, tsitsi kapena mesh mumange kumbuyo chifukwa Bunsen burner lawi lake la buluu silioneka bwino masana. Zikhadabo zoikirira zisiyeni kaye. Foni isakhale pa benchi, ndikudziwa mufuna kujambula mbale yanu yoyamba muike pa status, pemphani kaye ndipo muvule magolovesi. Madzi akumwa, chingamu, zonse panja. Ngati muli oyembekezera kapena chitetezo cha m'thupi chili chotsika auzeni aphunzitsi mwakachetechete musanayambe, pali tizilombo tina ngati Listeria timene sayenera kukupatsani. Zonse zimene mwagwiritsa ntchito zimapita ku autoclave, 121°C kwa mphindi 15, osati mu bini wamba.

Kumapeto makosi ambiri amapereka unknown, chubu cha nambala chabe kuti mupeze nokha kuti m'chubumo muli bakiteriya wanji. Apa m'pamene kope lanu la labu limakupulumutsani, ndiye kuyambira tsiku loyamba muzijambula ndi pensulo zimene mwaona, mtundu wa koloni, pa agar ya MacConkey inali ya pinki kapena yotuwa, test ya catalase inachita thovu kapena ayi. Lembani zimene mwaonadi ngakhale zisakugwirizana ndi buku, kenako mufotokoze chimene mukuganiza kuti chinalakwika, malikisi ambiri amakhala pamenepo. Ndipo mupeze mnzanu mmodzi kapena awiri a m'kalasi pa WhatsApp sabata yoyamba yomweyo, osati gulu la anthu 80 lija lotumizirana ma sticker.

Mukalandira lab manual munditumizire mndandanda wa ma practical, ndikuuzani oti muwaonere mavidiyo kawiri.