Fomu ija musaidzaze mwaulemu

Mayi, mwalemba kuti mumagwira ntchito pa kompyuta tsiku lonse ku Leeds, ku England, khosi ndi dzanja lamanja zakhala zikupweteka kwa miyezi ingapo, ndipo abwana akuti mpando wina kulibe. Mukufunsa ngati mungawasumire.

Lamulo lilipo. Display Screen Equipment Regulations, la 1992, limakakamiza olemba ntchito kuunika malo amene mumakhala, monga mpando, desiki, msinkhu wa sikirini ndi kiyibodi, n'kukonza zolakwikazo, ngakhale mukugwirira ntchito kunyumba. Koma kuyambira pa 1 October 2013, kuswa lamuloli pakokha sikubweretsa chipukutamisozi. Muyenera kuonetsa khoti kuti abwana ankadziwa, kapena anayenera kudziwa, kuti mungavulale, koma anangokhala.

Apa ndi pomwe fomu younikira malo anu ogwirira ntchito imagwetsa milandu. Makampani ambiri amakutumizirani mafunso oti mudziyankhire nokha: mpando uli bwino? Sikirini ili moyang'anizana ndi maso? Pali pomwe pakupweteka? Munthu ndi watsopano, sakufuna kuoneka wovuta, ndiye amangochonga kuti zonse zili bwino, kwinaku laputopu ataisanjika pa mabuku, dzanja likuchita dzanzi. Patapita zaka ziwiri, loya wa kampani ya inshuwalansi ya abwana amatulutsa pepala lomwelo, dzina lanu lili m'munsi. Mukati munawauzapo a manejala pakamwa, a manejalawo akuti sakukumbuka, kapena anasiya ntchito kalekale. Ndaona milandu ya anthu ovulaladi ikuthera pamenepo. Ngati inunso munachonga choncho, sikuti zatheratu, koma mlandu walemera, ndipo sindingakulonjezeni kuti mupambana.

Achimwene anu amene akuti mungokhala chete kuti mungachotsedwe ntchito akukusocheretsani. Kukhala chete kumeneko ndiko kudzakhale umboni wa abwana. Employment Rights Act 1996 imaletsa kulanga wantchito chifukwa chodandaula moyenera za chitetezo cha pantchito. Nawonso a ofesi yoona za antchito, yankho lawo loti "tikuziona" landitopetsa. Musalilandire popanda tsiku.

Lero lomwe lembani imelo yotchula pomwe pakupweteka, tsiku lomwe zinayamba, ndi pempho loti aunikenso malo anu ogwirira ntchito. Sungani kope kunyumba. Pitani kwa dokotala wanu (GP), muwauze kuti mukuganiza kuti ndi ntchito, alembe m'mbiri yanu. Jambulani desiki momwe ilili. Kuyezetsa maso mukapempha amalipira ndi abwana, ndipo magalasi amalipira pokhapokha ngati ali a pa sikirini basi.

Nthawi nayo muiwerenge. Ku England mlandu wovulala uli ndi zaka 3 kuchokera pomwe munadziwa kuti ululuwo ndi waukulu ndipo ukuchokera ku ntchito. Vutolo likatenga miyezi 12, Equality Act 2010, lamulo loletsa tsankho kwa olumala ndi ena, ingathe kukuthandizani, koma ku Employment Tribunal, khoti la milandu ya pantchito, werengani miyezi 3 kuchotsapo tsiku limodzi kuchokera pomwe abwana anakulakwirani, ndipo muyambire ku ACAS, bungwe loyanjanitsa antchito ndi owalemba ntchito. Dandaulo la mkati mwa kampani siliimitsa masiku amenewa.