Kodi magweru a amayi ndiwo akuwadwalitsa chibayo?

FUNSO: Mayi anga ali ndi zaka 74. Mano awo atsala asanu ndi limodzi, ndipo awiri akugwedera. Chaka chino agonekedwa kawiri ndi chibayo. Ife timati n'chiperoni, koma wachipatala anayamba kutifunsa za m'kamwa mwawo. Mano ndi mapapo zikukhudzana pati? — Wowerenga wa ku Chitakale, Mulanje

YANKHO: Wachipatalayo sanafunse mongocheza. Gweru palokha silidwalitsa mapapo. Vuto lili pa chomwe chinagulula manowo, ndipo kwa achikulire kawirikawiri amakhala matenda a nkhama.

Litsiro likamata m'tsinde mwa dzino limauma ngati mwala. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi, kenako zimalekana ndi dzino n'kusiya kathumba momwe tizilombo timaswana. Fupa logwira dzino limadyeka, dzino n'kuyamba kugwedera. Ndiye usiku munthu ali m'tulo, timalovu tina timalowerera kukholingo. Wachinyamata amangotsokomola, zatha. Wokalamba, makamaka amene anachitapo sitiroko, mphamvu yotsokomolayo imakhala itachepa, choncho malovu odzaza tizilombo amatsikira m'mapapo.

Palinso kutafuna. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo akatsala osakwana 20 kutafuna kumavuta, chakudya chimamezedwa chosaphwanyika bwino, kutsamwa kumachuluka. Ngati amayi amasuta fodya, ameneyo akuwononga nkhama ndi mapapo pamodzi. Matenda a shuga nawonso amakulitsa matenda a nkhama, akayezetse.

Mano otsalawo atsukidwe kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, ndi mswachi wofewa komanso mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, yomwe imalimbitsa mano. Kutsuka kofunika kwambiri n'kwa usiku asanagone. Lozetsani mswachi pomwe dzino lakumana ndi nkhama. Magazi akatuluka musaleke. Chomwe ambiri amalakwitsa n'kuganiza kuti popanda mano palibe chotsuka. Kulungani kansalu koyera, konyowa, pachala, mupukute nkhama, lilime ndi m'masaya. Mukaona nsima yotsalira m'tsaya, dziwani kuti kumeza sikukuyenda bwino. Ngati ali ndi mano oikirira, awavule pogona, awatsuke ndi sopo n'kuwaviika m'madzi.

Adye atakhala tsonga, timbamu ting'onoting'ono, ndipo asagone mpaka patadutsa mphindi 30. Phala lomwetsa munthu ali chigonere n'loopsa, ngakhale timachita mwachikondi.

Awiri ogwederawo musawazule ndi ulusi kunyumba. Pitani nawo kwa dokotala wa mano pachipatala cha boma cha Mulanje akapale litsiro lolimbalo, lomwe mswachi sungachotse, aonenso ngati manowo angasungike.

Akayamba kupuma mwaphuma, kutentha thupi kapena kusokonezeka mutu mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chikafika milungu iwiri, akapereke makhololo ayezedwe TB.