Mwana wazaka 16, timu yakutali, ndi zimene zinachitika ku Swift Current

Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga usiku nditangoweruka kuntchito, ndipo tulo sitinabwere msanga. Mwafunsa ngati kuli koyenera kulola mnyamata wanu wazaka 16, amene waitanidwa ndi timu ya achinyamata ya hockey ya pa ayezi, kuti achoke pakhomo n'kukasungidwa ndi banja limene simukulidziwa m'tauni yakutali. Funso limeneli latokosa chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale.

Ine ndinachoka pakhomo ndili ndi zaka 14. Nditasankhidwa kupita kusekondale, makolo anga ananditumiza kwa achibale ena a m'tauni amene analonjeza kundisunga, ndipo mudzi wonse unati ndachita mwayi. Pakhomo paja ndinkalawirira m'mamawa kutunga madzi, kukolopa ndi kuchapa zovala za ana awo, masiku ambiri ndinkapita kusukulu m'mimba mulibe kanthu, ndipo mawu amene ankandinena sindingawalembe pano. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi makalata amene ndinkalembera amayi anga, onena kuti ndili bwino ndipo akundisamala. Ndinkaopa kuti ndikaulula adzandibweza kumudzi, sukulu idzathera pomwepo, ndipo anthu adzati ndataya bomwetamweta. Amayi anga anamwalira asakudziwa, ndipo ndikhulupirira kuti akanadziwa akanabwera kudzanditenga tsiku lomwelo.

Nditasamukira kuno ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, ndinapeza nkhani yomweyi m'malo amene sindinkayembekezera, m'mbiri ya timu ya Swift Current Broncos ya mu ligi ya achinyamata ya Western Hockey League (WHL). Swift Current ndi tauni ya anthu pafupifupi 17,000 pamsewu waukulu wa Trans-Canada. Timuyi inayamba mu 1967, ndipo Bryan Trottier, amene pambuyo pake anawina Stanley Cup, chikho cha ligi yaikulu ya National Hockey League (NHL), kanayi motsatizana ndi New York Islanders, anasewerako ali mnyamata. Mu 1974 inasamukira ku Lethbridge, koma mu 1986 anthu a ku Swift Current anasonkha ndalama n'kuibweretsanso kwawo. Chisangalalo chawo sichinathe ngakhale chaka. Pa 30 December 1986, basi ya timuyi ikupita kukasewera ku Regina inaterereka pa ayezi itangotuluka m'tauni n'kugubuduzika, ndipo anyamata anayi amene anakhala kumbuyo anafera pomwepo: Trent Kresse, Scott Kruger, Chris Mantyka ndi Brent Ruff. Ruff anali ndi zaka 16, msinkhu wa mwana wanu. Manambala awo, 8, 9, 11 ndi 22, savalidwanso ndi wosewera aliyense wa timuyi, ndipo mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi yonse imatchedwa Four Broncos Memorial Trophy.

Otsalawo anapukuta misozi n'kumaliza mpikisano wa chaka chimenecho. Mmodzi mwa iwo anali Joe Sakic, amene anatengedwa ndi timu ya mu NHL ya Quebec Nordiques mu 1987 ndipo anadzatsogolera Colorado Avalanche kuwina Stanley Cup mu 1996 ndi 2001. Mu 1989 Broncos inawina Memorial Cup, chikho chachikulu cha matimu a achinyamata, ku Saskatoon, itagonjetsa Saskatoon Blades ndi chigoli cha Tim Tisdale m'nthawi yowonjezera. Dziko lonse la Canada linayamikira kulimba mtima kwa anyamatawa, ndipo linayamikiranso kochi wawo, Graham James.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, Mayi. Wosewera wina amene anali m'basi ija ndiponso m'timu yowina chikho ija, Sheldon Kennedy, anali akugwiriridwa ndi kochi yemweyo kwa zaka zambiri, kuyambira ali mnyamata wamng'ono. Anaulula mu 1996 atafika kale mu NHL, ndipo mu January 1997 James anavomera mlandu n'kulamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu ndi theka. Chimene chinatseka pakamwa Kennedy n'chimene chinatseka pakamwa ine, ngakhale kuti zowawa zake zinali zazikulu kutalitali kuposa zanga: munthu mmodzi anagwira m'manja mwake tsogolo lonse la mwana wokhala kutali ndi makolo. Kochiyo ndiye ankagamula amene asewere ndi amene akhale pabenchi, amene atumizidwe kutimu ina, ndi amene ayamikiridwe kwa anthu osaka luso a matimu akuluakulu. Choncho ine sindilolanso kuti munthu andiuze kuti timu ndi yabwino chifukwa imawina. Timu ija inali yopambana matimu onse a achinyamata m'dziko muno panthawi imene mwana wa eni ankazunzidwa, ndipo zikho zija n'zimene zinachititsa akuluakulu ambiri kusafunsa mafunso. Wakuuzani kuti musadandaule chifukwa kochi ndi wotchuka sanayankhe funso lanu.

Sindikunena izi ponyoza timu ya lero kapena anthu a tauniyi, amene anaferedwa ndiponso ananyengedwa. Zinthu zambiri zinasintha, makamaka chifukwa cha Kennedy yemweyo, amene mu 1998 anadutsa dziko lonse la Canada pa nsapato za mateyala pofuna kuti anthu aleke kubisa nkhanza zochitira ana, ndipo kenaka anathandiza kuyambitsa maphunziro a Respect in Sport amene makochi ndi makolo ambiri amachita masiku ano. Mwina nanunso munawachita. Misewu yokha ndi imene sinasinthe, pakuti maulendo a basi m'nyengo yozizira ndi atali, ndipo mu April 2018 anthu 16 a timu ina, Humboldt Broncos, anamwalira basi yawo itawombana ndi chigalimoto chonyamula katundu.

Zoti muchite musanasaine

Ngati mnyamatayo akufunadi yekha, mloleni apite, koma mukaone nokha nyumba ya banja lomusunga, limene kuno amalitcha billet, mudye nawo chakudya, ndipo mufunse ngati apolisi anafufuza mbiri ya wamkulu aliyense wa pakhomopo. Mufunse sukulu imene akaphunzire, ndipo ngati ndi timu ya WHL muwerenge bwino pangano la fizi, chifukwa ligiyi imalipirira wosewera chaka chimodzi cha kukoleji pa chaka chilichonse chimene wasewera. Mupeze nambala ya munthu wolandira madandaulo amene sali pansi pa kochi. Ndipo tsiku lonyamuka mumuuze maso ndi maso kuti akangoimba foni, kaya ndi pakati pa usiku kaya timu ili pafupi kuwina chikho, mudzapita kukamutenga, ndipo palibe pakhomo panu amene adzamufunse chifukwa chake wabwerera.